Tsache ndi Chikwakwa: Mbiri ya Bwalo la ku Chintheche

Nditapuma ntchito ya uphunzitsi, ndalama zanga zonse zopumira ndinazikwirira m'nyumba ya njerwa zootcha, chakumtunda kwa msewu wa M5, pakati pa Chintheche ndi Bandawe. Amisiri atangotsika padenga, ndinayamba ntchito imene ndinkailakalaka zaka zonse zimene ndinkasamukasamuka m'nyumba za sukulu: kubzala kapinga. Ndinabzala mu Disembala, mvula yoyamba itanyowetsa mchenga. Pofika mu Febuluwale pakhomo ponse panali patabiriwira, moti ndinkatuluka m'mawa ndi kapu ya tiyi n'kumangoyang'ana ngati munthu amene wapambana mlandu.

Mwezi womwewo kunabwera ankhazi, alongo awo a malemu bambo anga, kudzaona nyumba. Analowa chipinda chilichonse, anagogoda makoma, anayamikira simenti ya pansi. Titatuluka anaima pakhonde, nayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu kuti akazi anga asamve.

“Ada, nyumba yabwino chonchi, mwalekereranji thengo kufika pakhomo? Kodi mkamwana wadwala?”

Ndinaseka mpaka misozi. Iwo sanaseke. M'maso mwawo udzu wofika pakhonde unkatanthauza zinthu ziwiri zokha: mwina pakhomopo pali matenda, kapena eni ake anasamuka. Funso lawolo ndi limene landichititsa kukhala pansi n'kulondola mmene udzu, umene makolo athu ankalimbana nawo tsiku ndi tsiku, unasandukira chinthu chogula, chothirira ndi chonyadira kuno kunyanja.

Ndiyambe ndi bwalo la abuya, amayi awo a mayi anga, kumene ndinakulira. M'Chitonga timati lubaza. Linali loyera mbee, lolimba ngati pansi pa mphika, lopanda ngakhale kaudzu kamodzi kuchokera pakhonde mpaka pansi pa mitengo ya mango. Phokoso loyamba la tsiku silinali la tambala koma la tsache: shwa, shwa, shwa, kusanayere bwino. Abuya anali ndi masache awiri. La m'nyumba linali la udzu wofewa. La panja linali la timitengo towuma, lalifupi, lomangidwa ndi luzi, loti usese utawerama dzanja limodzi lili kumsana. Ankasesa chobwerera m'mbuyo kuti mapazi awo asatsale pamene asesapo kale, ndipo tsachelo linkasiya timizere topindika tosanjikizana ngati mamba a nsomba. Mwana woponda pamenepo dzuwa lisanatuluke ankalandira lake tsache la m'miyendo.

Koma asanasese ankayamba awerenga. Abuya sanapite kusukulu, komabe m'mawa uliwonse ankazungulira nyumba maso ali pansi, ndipo pobwera ankadziwa zonse zimene zinachitika ife tili mtulo. Mzere wosalala wokhotakhota, yadutsa njoka, ndipo ankatha kuona ngati yatuluka kapena idakali pakhomo. Mzere wokhala ndi zikhadabo mbali zonse, ng'azi yabwera kudzafuna mazira kukhola. Kanjira kakang'ono kakuda, linthumbwi lili paulendo, thirani phulusa msanga lisanalowe m'nyumba. Tsiku lina anapeza matayala a njinga atafika kuseri kwa gowelo la atsikana n'kubwerera. Sananene kanthu mpaka madzulo, pamene anafunsa mchemwali wanga wamkulu, ngati nkhani wamba, kuti mnyamata wa njinga ya tayala lakumbuyo lophathika ndi mwana wa yani.

Pabwalopo ndi pamene panali moyo wonse wa pakhomo. Kwathu nsima ndi kondowole, ndipo chinangwa chikavuulidwa m'madzi chimafuna malo oyera oyanikapo. Mtondo unkaima pomwepo. Amuna ankasoka maukonde pomwepo, usipa wotsala unkauma pomwepo, milandu ya pabanja inkakambidwa pomwepo. Nyumba zonse zinali zofolera ndi udzu, choncho mu Okutobala moto wa lupsa ukabwera kuchokera kumtunda, umafika m'mphepete mwa bwalo n'kusowa chodya. Ndipo musaiwale kuti dera lathu ndi limodzi mwa madera amvula kwambiri m'Malawi muno, yopitirira mamilimita 1,500 pachaka, yolimbika mpaka mu Epulo pamene kwina anthu ayamba kale kukolola. Udzu kuno sugona. Ukangodwala milungu iwiri nthawi ya dzinja, thengo limakupeza pakama. Bwalo loyera linali umboni woti pakhomo pano pali munthu wamoyo amene wadzuka lero.

N'chifukwa chake tsache linalowa m'miyambo. Mkamwana watsopano ankadziwika ndi mmene wasesera bwalo la apongozi m'mawa woyamba. Usiku sitinkasesa. Pakagwa maliro tsache linkagona pansi mpaka titaika, ndipo mwambo wotsatira pambuyo pake mpaka lero timautcha kusesa. Ngakhale magule athu ndi a pafumbi. Malipenga amakoma pamene mzere wa amuna ovala zoyera ukuponda pamodzi, fumbi n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka m'mawondo. Chilimika cha atsikana chimodzimodzi. Ndinaonapo malipenga akuvinidwa pa kapinga pamaso pa alendo. Badza, zoimbira zawo zija, ankalira bwinobwino, koma mapazi ankangoti fwa, fwa, ngati akuvina pa matiresi.

M'zaka za m'ma 1870 makolo athu sankakhala momwazikana ngati lero. Poopa nkhondo ya Angoni ochokera kumapiri, anthu ambirimbiri anapanikizana m'malinga m'mphepete mwa nyanja: la Mankhambira cha ku Chintheche kuno, la Marenga ku Bandawe, ndi ena. Kumapeto kwa zaka zimenezo Atonga anathyola Angoni pa mtsinje wa Chintheche. Munthu wokhala m'linga sangakonde udzu wautali pafupi ndi mpanda, pakuti m'menemo ndi mobisala mdani, ndiponso ndi nkhuni za amene akufuna kukuotcha. Mantha atatha anthu anatuluka m'malinga n'kukamanga midzi ing'onoing'ono, koma diso lokayikira thengo anatuluka nalo.

Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe, pothawa malungo. Malungowo anawapeza konkuno. Pitani ku Old Bandawe, pafupi ndi kaphiri ka Makuzi, mukaone manda a amishoni aja. Ena anamwalira ali achinyamata ndithu, ena ndi makanda. Mu 1894 Laws anakweranso kupita ku Khondowe. Nthawi imeneyo azungu ankakhulupirira kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo ndi m'zomera zowola. Zoti amafalitsidwa ndi udzudzu zinatsimikizika mu 1897, pamene Ronald Ross anazipeza ku India. Chikhulupiriro chakale ndi nzeru yatsopanoyo zinagwirizana pa lamulo limodzi: pozungulira nyumba ya mzungu udzu ukhale waufupi.

Apa ndi pamene njira ziwiri zinasiyana. Abuya ndi bwana DC onse ankadana ndi thengo, koma abuya ankazula, bwana ankameta. Boma la chigawo chino, chimene ankachitcha West Nyasa, linali pa Chintheche pompano lisanasamukire ku Nkhata Bay, ndipo maboma a atsamunda ankaoneka mofanana kulikonse: njira zowongoka, miyala yopaka laimu m'mbali, mbendera pakati, ndi udzu wometedwa ndi akaidi. Lamulo la 1912 loyendetsera maboma linapatsa mafumu udindo woona za ukhondo wa m'midzi, pamodzi ndi wothandiza kutolera msonkho. Choncho kumudzi mesenjala ankabwera kudzaona ngati mwalambula, pamene paboma bambo ako omwe alephera msonkho ankaweramira udzu wa bwana. Anthu a msinkhu wa ankhazi chikwakwa anachidziwira m'manja mwa mkaidi. Musadabwe kuti sachilemekeza.

Kwawo kwa azunguwo udzu wometa unali kale chizindikiro cha chuma. Ku England, m'zaka za m'ma 1700, eni minda ikuluikulu ankasiya maekala ambiri patsogolo pa nyumba osalimapo chilichonse, kuti wodutsa aone kuti mwini wake ali ndi malo otaya ndiponso antchito ometa ndi zisenga. Anthu wamba anayamba kukwanitsa pamene Edwin Budding, mmisiri wa pafupi ndi Stroud, anapanga makina otchetchera udzu mu 1830, atatengera nzeru pa makina ometa ubweya wa nsalu m'fakitale. Chondiseketsa ine n'chakuti udzu weniweniwo sanabwere nawo. Kapinga ndi wathu. Amamera yekha m'mphepete mwa madambo ndi m'njira za ng'ombe, ndipo mbuzi zakhala zikumudya chiyambire. Ku America amamutcha udzu wa Bermuda, chonsecho kwawo ndi kuno ndi maiko ena otentha a mbali ino ya dziko. Wina wotchuka uja wa Kikuyu ndi wa kumapiri a ku Kenya. Chimene chinabwera pa sitima ndi maganizo oti munthu angathe kusamala udzu umene sadzafolera nyumba, sadzadyetsa chiweto, ndiponso sadzalola mwana kuupondaponda.

Amuna a kwathu maganizo amenewa anawaphunzira ali m'maondo. Sukulu za mishoni zinafika msanga kuno, ndiye Atonga anali m'gulu loyamba kupita kukagwira ntchito kutali, ku Halale ndi ku Joni, ambiri mwa iwo okha osadzera kwa olemba anthu ntchito. Ena anatchuka. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Ena anali makalaliki ndi akapitawo m'migodi. Koma ambirimbiri, amene mabuku sawatchula, anali akhukhi, operekera zakudya m'mahotela ndi magadeniboyi. Jaap van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950 n'kulemba buku la The Politics of Kinship, anapeza kuti nthawi iliyonse amuna oposa theka anali kunja kwa dera lino.

Asibweni, alongo awo a mayi anga, anali mmodzi wa iwo. Anatha zaka 19 ku Hillside, mu mzinda wa Bulawayo, akusamala kapinga wa banja lina lachizungu. Bambo wa ana anayi, koma dzina la ntchito boyi. Ankatisimbira mmene ankakankhira makina opanda injini m'mizere yowongoka, kupita ndi kubwera, kuti udzu uoneke wamizeremizere ngati nsalu ya suti. Mmene ankakokera chingwe podula m'mphepete. Mmene dona ankayendera m'mawa ndi kafoloko kakang'ono, akapeza kachitsamba kamodzi n'kukaika patebulo la kukhitchini osalankhula. Bulawayo ndi mzinda wouma, ndipo zaka zina madzi ankachita kuwerengera. Iwo ankatunga madzi osambira a bwana kukathirira udzu, pamene kuchipinda chawo cha kuseri kunali mpopi umodzi.

Atabwerera kumudzi anabwera ndi njinga, galamafoni, masuti atatu ndi lumo lalikulu lodulira maluwa. Nyumba anamanga yabwino, ya mawindo agalasi. Koma kapinga sanabzale ngakhale phata limodzi. Nditakula ndinawafunsa chifukwa chake, popeza m'mudzi monse palibe amene ankaudziwa udzuwo kuposa iwo.

“Mphwanga,” anatero, “kapinga amafuna wantchito. Kuno wantchito wanga ndani? Ndikhale gadeniboyi wa ine mwini?”

Lumo lija ankametera nalo mpanda wa maluwa ofiira, basi. Bwalo linakhalabe la tsache.

Ndinadabwa nditawerenga kuti tsache lathuli linawolokanso nyanja yamchere. Kum'mwera kwa United States, m'madera ngati Georgia ndi Alabama, zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa zinkasesa mabwalo awo mpaka kuyera, pa zifukwa zomwezi za njoka ndi moto, ndipo azungu osauka a kumeneko anatengera. Richard Westmacott analemba buku la mabwalo amenewa mu 1992, mwambowo ukutha. Kumenekonso anaugonjetsa ndi kapinga.

Kwathu kuno ufulu utabwera mu 1964 chikwakwa sichinachoke, chinangosintha mwini. Kamuzu ankakonda ukhondo wooneka ndi maso, ndipo pa sabata ya achinyamata ya chaka ndi chaka tinkalambula misewu ndi kutchetcha pazipatala. M'sukulu ndiye musanene. Ine ndemwe, zaka zoposa 30, ndinkalamula kuti mwana aliyense wamwamuna abwere ndi chikwakwa teremu ikamayamba, wamkazi tsache. Wochedwa, katchetche. Wolongolola m'kalasi, katchetche. Ndikaganiza lero ndimaona kuti ndinaphunzitsa ana mazanamazana kuti udzu ndi chilango, kenako n'kumadabwa kuti mdzukulu wanga amathawa ndikangotulutsa tupa.

Chimene chinalowetsa kapinga m'makomo mwathu si boma kapena sukulu, koma gombe. M'zaka za m'ma 1970 kunamveka kuti pa Chintheche padzamangidwa fakitale yaikulu yogaya mitengo ya paini ya ku Chikangawa kuti ikhale zopangira mapepala. Fakitaleyo sinabwere. M'malo mwake mchenga wathu woyerawu unakoka mahotela, malo ogona alendo ndi nyumba zopumulirako za anthu a m'tauni, kuyambira Chintheche Inn mpaka ku Kande. Onsewa anayala kapinga kuchokera pakhonde mpaka pamene mchenga wayambira, wothiriridwa ndi pampu yokoka madzi m'nyanja, wobiriwira ngakhale mu Novembala. Chikondwerero cha Lake of Stars chitayambira pa Chintheche Inn mu 2004, n'kudzabwereranso mu 2016, achinyamata athu anaona anthu ochokera ku Lilongwe ndi ku London atagona chagada pa udzu, nsapato atavula. Ntchito imene asibweni anaitsatira ku Bulawayo inali itafika pakhomo.

Zinanso zinasintha nthawi yomweyo. Malata analowa m'malo mwa udzu wofolera, ndiye mantha a lupsa anachepa. Chigayo chinalanda ntchito ya mtondo. Ndalama za ana a ku Joni zinayamba kumanga nyumba za mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo, ndipo m'kati mwa mpanda wotere simudutsa ng'azi kapena mnyamata wa njinga woti umuwerenge m'mawa. Mwini nyumba akatumiza chithunzi pa WhatsApp amafuna anzake aone zobiriwira. Ine sindingaloze chala munthu, poti ndinachita zomwezo ndi ndalama za penshoni.

Tsono poti ambiri amene mukumanga kuno mudzabzala ndithu, kaya ankhazi anene zotani, ndikuuzeni zimene udzuwu wandiphunzitsa, zambiri mwa izo nditalakwitsa kale.

Dothi lathu la kunyanja ndi mchenga, madzi amangodutsa ngati m'sefa. Chaka choyamba ndinabzala pamchenga weniweniwo, ndipo kubiriwira kumene ankhazi anakuona kunatha mu Ogasiti. Ndinachita kuyambiranso: kutipula kuzama kwa khasu, kusakaniza dothi lakuda ndi manyowa owolerana, kusalaza kuti madzi a padenga azithawa nyumba. Musanabzale zulani nsongole ndi dawe mpaka mizu yake yonse. Mukasiya kachidutswa kamodzi pansi, mudzalimbana nako mpaka imvi. Manyowa a mbuzi osawola ndinawayesanso. Anandibweretsera chisoso ndi bonongwe bwalo lonse, moti akazi anga anathyola ndiwo pakapinga mwezi wathunthu akundiseka. Mbewu yogula siyofunika. Pemphani mnzanu timitsitsi toyanga tija, dulani tokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi, kwirirani m'mizere yotalikirana chikhatho chimodzi, nsonga ili kunja, mvula itakhazikika mu Disembala kapena Januwale. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mizere ija imakumana.

Pansi pa mango musataye nthawi. Kapinga wamba amafuna dzuwa, ndipo mango a ku Chintheche mthunzi wake ndi wa mdima. Ulipo udzu wa masamba otambalala umene amautcha LM, dzina lochokera ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, umene umapirira mthunzi, koma nawonso sukonda kupondedwa kawirikawiri, ndipo pansi pa mango m'nyengo yake pamadutsa ana a mudzi wonse.

Pa katchetchedwe ndi pamene ambiri timapha udzu. Mnyamata waganyu amafuna uone kuti wagwira ntchito, ndiye amameta mpaka dothi kuonekera. Udzu wometedwa chotero umapsa ndi dzuwa, ndipo m'mipata yake mumalowa zitsamba. Asibweni ankati usachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake pa nthawi imodzi. Nthawi ya mvula zimenezi zikutanthauza kutchetcha sabata iliyonse, osadikira kuti ufike m'mawondo. Chikwakwa chikhale chakuthwa. Chobuntha chimang'amba m'malo modula, ndipo nsonga zimayera ngati zawauka. Zotchetchazo zikachuluka zichotseni mukaunjike kudzala ziwole, chifukwa zikauma pomwepo zimaitana chiswe, ndipo chiswe chikamaliza udzu wouma chimayang'ana mafelemu a zitseko.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Alangizi a za udzu amati m'chilimwe kapinga amafuna madzi okwana mamilimita 25 pa sabata. Ndinakhala pansi ndi pensulo monga mphunzitsi wa masamu. Kabwalo ka mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi kamafuna malita 2,500 pa sabata. Zimenezo ndi zidebe 125 za malita 20. Wa hotela ali ndi pampu ndi nyanja pakhomo. Ine ndili ndi mpopi wa mita, ndipo bilu ya Okutobala woyamba ndinaibisa m'Baibulo kuti mayi a kunyumba asaione. Amene mumatunga pa mjigo, werengani mitu imene idzasenze zidebe zimenezo, ndipo muifunse kaye. Chimene ndinadziwa mochedwa n'chakuti kapinga akauma sanafe, wangogona. Mizu yake imadikira pansi, mvula yoyamba ikagwa amadzuka pasanathe milungu iwiri. Tsopano ndimamusiya afiire kuyambira Seputembala. Pokhapo pamene timakhala madzulo ndi pamene ndimathirira, kamodzi pa sabata koma mokhutitsa, m'mawa kwambiri, ndi madzi otsukira zovala omaliza aja. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse kumangozoloweretsa mizu kukhala pamwamba.

Ndisanamizire tsache kuti linalibe mlandu. Pitani pa nyumba iliyonse yakale kumudzi muone: maziko ali pamtunda, khonde lasanduka chiunda choti mwana achite kukwera, mizu ya mango ili poyera ngati mitsempha ya nkhalamba. Dothi limenelo linapita kuti? Tsache linkachotsa pang'ono m'mawa uliwonse, mvula ya Malichi n'kudzakokolola zotsalazo kupita nazo kunyanja. Nyumba ya abuya inagwa chifukwa cha zimenezi, khoma la kumadzulo litadyeka kunsi. Fumbi la bwalo louma ndi momwenso mumakhala matekenya, tizilombo timene tinachokera ku South America n'kufika kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Amene tinakula osavala nsapato timakumbukira singano ya abuya pa chala chaching'ono. Malo otsetsereka, ndi pamene pamagwera madzi a malata, kapinga amagwira dothi kuposa china chilichonse chimene ndayesapo. Nyanja itakwera mu 2024 n'kulowa m'malo ambiri a m'mphepete, ndinayenda pagombe n'kuona ndi maso anga kuti pamene panali udzu ndi bango mafunde anavutika kudya, pamene panali poyera anangomeza.

Palinso china chimene akazi anga anandikumbutsa nditayamba kutamanda kwambiri bwalo la abuya. Anandifunsa kuti pa zaka zonse zimene ndinakhala pabwalo loyeralo, ndinaligwirapo kangati tsache. Ndinakhala chete. Kusesa kunali kwa amayi ndi atsikana, tsiku lililonse, kwaulere, msana uli chiweramire. Kutchetcha ndi kwa amuna, kamodzi pa sabata, ndipo kawirikawiri kumalipidwa. “Inu mukulira bwalo,” anatero, “ine msana wanga sukulira.” Ngakhale tsiku losesa limene boma linakhazikitsa mu 2020, pa zithunzi munkaoneka mabwana atagwira masache aatali, koma kukacha amene ankawerama anali omwe aja.

Chimene chinathetsa mkangano pakhomo pathu ndi mphiri. Munali mu Epulo, udzu utakula chifukwa mnyamata wotchetcha anapita kumaliro. Mdzukulu wanga wa zaka zinayi ankathamangira mpira kuseri kwa khitchini, ndipo galu ndi amene anayamba kuuwa. Inali itadzipinda phee, sitepe imodzi kuchokera pamene timatsukira mbale. Mphiri sithawa ngati njoka zina, imangodikira kuti uiponde. Palibe amene akanadziwa kuti yakhalapo masiku angati. Pabwalo la abuya ikanasiya kalata usiku womwe inafika.

Mawa lake ndinatenga khasu n'kuzula kapinga yense kuzungulira nyumba, mamita atatu kuchokera kukhoma, ndiponso malo onse a pakati pa khitchini, bafa ndi mtengo wa mango. M'munsi mwa malata ndinayala timiyala kuti madzi asakumbe. Udzu ndinausiya kutsogolo ndi kumbali yotsetsereka, kumene ukugwira dothi. Masache ndinagula awiri pamsika wa Chintheche, limodzi ndi langa, ndipo aneba anasiya kale kundiseka.

Ankhazi anabweranso chaka chatha, atatsamira ndodo. Anayang'ana pamene paseseredwa, anayang'ana kapinga, nati, “Yewu, ada. Theka la nzeru labwerera.”

Inu amene mwangolowa m'nyumba yatsopano kuno kunyanja, Disembala akubwera ndipo timitsitsi ta kapinga ndili nato tambiri, mudzatenge kwaulere. Koma musanakwirire ngakhale kamodzi, yezani mamita atatu kuchokera pakhoma, mukhome zikhomo, ndipo m'kati mwa zikhomozo musabzalemo kanthu.